Muyeso wa Filimu Yoopsya Suli m'Ndalama Kapena m'Mwazi

M'zaka zoyamba za ufulu wa dziko lino kanema anali mlendo wa kamodzikamodzi kumidzi. Galimoto ya boma yoonetsa zithunzi ikafika pabwalo la sukulu, mbiri inali kuwanda kufikira kutsidya kwa dambo, ndipo anthu anali kusonkhana ndi mphasa ndi timipando tao kudzapenya zithunzi zoyenda pansalu yoyera. Lero zinthu zinasintha. M'misika ya ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza ndi kwina kuli timisasa toonetseramo mafilimu, m'nyumba zambiri muli wailesi za kanema zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo mnyamata wobusa ng'ombe akhoza kuyenda ndi mafilimu makumi angapo m'foni ya m'thumba mwace.

Mwa mafilimu amene acinyamata amawathamangira muli aja oopsya: a mizukwa, a mitembo youka m'manda, a ambanda obisa nkhope, ndi a ufiti ndi zizimba. Ambiri a iwo sacokera kumakampani olemera. Amapangidwa ndi timagulu ta anthu odziimira paokha, ndi ndalama zimene kampani yaikulu siingaziwerengere n'komwe. Potuluka m'kamsasa mkangano sulephera. Wina ati filimu inali yabwino pakuti mwazi unayenda ngati mtsinje. Wina ati inali yacabe pakuti munalibe munthu wochuka ngakhale mmodzi. Wacitatu ati anakopeka ndi cithunzi ca pacikuto, koma zimene anapeza m'katimo n'zina, monga akulu ananenera kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Funso lakuti filimu yotere iyesedwa ndi ciani silacibwana ai. Munthu amataya ndalama yace ndi nthawi yace. Ana okhala pamphasa ya kutsogolo amapita kukagona ndi zimene aona. Ndipo zina mwa zithunzizi zimatsata munthu kufikira kumudzi kwace, n'kusintha m'mene amapenyera anansi ace. Mbiri ya mafilimu amenewa, kuyambira ku America kufikira ku Nigeria ndi kuno ku Zambia, isonyeza kuti ubwino wao suli m'kuculuka kwa ndalama kapena kwa mwazi. Uli m'nzeru imene wopanga filimu agwirira nayo mantha a anthu, ndiponso kumene alozetsa mantha amenewo.

CIROMBO COSAONEKA

Amene anakulira pamudzi ali nao kale muyeso woyamba, ngakhale sazindikira. Usiku wa m'nyengo ya masika, ana atazungulira moto, ambuya anali kusimba nthano ya cirombo cimene cinameza mudzi wonse, kapena ya namwali wokana amuna amene potsiriza anakwatiwa ndi fisi wosanduka munthu. Ambuyawo analibe kamera kapena ndalama. Cuma cao cinali mau, nyimbo ndi kukhala cete. Pofika pamene cirombo ciyandikira anali kutsitsa mau, naleka kamphindi, ndipo mwana ali yense anali kudzijambulira cirombo cacecace m'mutu, coopsya kuposa ciri conse cimene mmisiri angaseme.

Nzeru yomweyi inapulumutsa munthu wina wopanga mafilimu ku America, dzina lace Val Lewton. M'caka ca 1942 kampani ya RKO inampatsa nchito yopanga mafilimu oopsya, nimuikira malire okhwima: filimu iri yonse isapitirire madola 150,000, isatalike kupitirira mphindi 75, ndipo dzina lace licokere kwa akulu a kampani. Dzina loyamba limene anampatsa linali Cat People, ndipo nkhani yace inali ya mkazi woopa kuti amasanduka nyalugwe wakuda.

Lewton ndi mnzace Jacques Tourneur, amene anatsogolera kujambula, anasankha kubisa nyamayo m'mdima pafupifupi m'filimu yonse. Pali pena pamene mtsikana wochedwa Alice ayenda yekha usiku m'mseu wa ku Central Park, mumzinda wa New York. Kumbuyo kwace kumveka mapazi a mkazi womlondola. Mwadzidzidzi mapaziwo aleka kumveka. Alice aceuka, saona kanthu, nafulumiza. Pamene woonerera ayembekeza kuti tsopano nyama imlumphira, pamveka phokoso longa kukalipa kwa nyalugwe, koma ndi mabuleki a basi imene yaima pambali pace. Palibe wabvulala, palibe dontho la mwazi, koma mtima wa woonerera wadumpha. Opanga mafilimu akuphunzirabe kacigawo kameneka kufikira lero.

Cotero muyeso woyamba ndi uwu: kodi filimuyo idziwa kudikira? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Filimu imene ionetsa cirombo cace conse poyera m'mphindi zisanu zoyamba yatha kale mphamvu, pakuti diso likazolowera cinthu, mantha amacoka.

ANTHU ASANU NDI AWIRI M'NYUMBA IMODZI

Muyeso waciwiri uli pa anthu a m'nkhaniyo. Ngati woonerera sawamvera cisoni, imfa yao siimkhudza. Citsanzo codziwika koposa ndico Night of the Living Dead, ndiko kunena usiku wa akufa oyenda.

M'caka ca 1967 anyamata a mumzinda wa Pittsburgh, amene nchito yao inali kujambula zithunzi zotsatsa malonda pawailesi ya kanema, anagwirizana kupanga filimu yao yaitali. Mtsogoleri wao anali George Romero. Anthu khumi anasonkha madola 600 ali yense kuti nchito iyambe, napempha zina kwa ena, ndipo potsiriza filimu yonse inadya madola pafupifupi 114,000. Anajambulira m'nyumba yakale ya pafamu, kufupi ndi Evans City, imene inali kuyembekeza kugwetsedwa. Popeza zithunzi zinali zakuda ndi zoyera, mwazi unali madzi a cokoleti, ndipo mitembo yoyenda inali abwenzi ao ndi anthu a m'deralo opakidwa kumaso.

Nkhani yace njapafupi. Akufa auka nayamba kudya amoyo, ndipo anthu asanu ndi awiri osadziwana bwino athawira m'nyumba imodzi. Mitemboyo iri ndi malamulo ace amene sasintha: imayenda pang'onopang'ono, imaopa moto, ndipo imagwa ikalasidwa m'mutu. Anthu ogwirizana akadatha kuigonjetsa. Koma m'nyumbamo mubuka mkangano pakati pa amuna awiri. Ben afuna kukhoma matabwa pazitseko ndi pamazenera, kuti ngati zabvuta pakhale pothawira. Harry Cooper afuna kuti onse atsekeredwe m'cipinda ca pansi pa nyumba, m'mene muli mkazi wace ndi mwana wace wolumidwa. Ali yense afuna kukhala mfumu, ndipo pamene iwo alimbirana mfuti imodzi, akufa aculukirabe pabwalo. Amene anaonapo mudzi ukugawanika pa mlandu wa malire a munda pamene njala iri pakhomo adzaizindikira nyumba imeneyi.

Kukaca Ben yekha ndiye watsala, ndipo capulumutsa moyo wace ndi cipinda ca pansi comwe cija anacikana. Atamva kulira kwa mfuti akwera kukasuzumira pazenera. Gulu la amuna osaka mitembo limuona patali, limuyesa mmodzi wa akufa, nilimuombera pamphumi. Wocita mbali ya Ben anali Duane Jones, munthu wakuda, ndipo omuomberawo anali azungu. Romero ananena kawirikawiri kuti anasankha Jones cifukwa ca luso lace basi. Koma filimuyo inaonetsedwa koyamba pa 1 October 1968, patangopita miyezi isanu ndi umodzi cimphedwere Martin Luther King ku Memphis, ndipo anthu a ku America anaona dziko lao m'mathero amenewo.

Olemba nkhani ambiri a nthawiyo anaidzudzula kuti inali yonyansa. Koma m'caka ca 1999 Library of Congress, nyumba yaikulu yosungira mabuku ya boma la America, inaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwira mibadwo ya m'tsogolo. Filimuyo inabweretsa madola pafupifupi 30 miliyoni padziko lonse, koma eni ace anapindula pang'ono, pakuti kampani yoigulitsa, posintha dzina lace, inaiwala kuikapo cizindikiro ca umwini, ndipo ali yense anakhala ndi ufulu woikopera. Limenelo ndi phunziro kwa acinyamata a kuno amene ayamba kujambula mafilimu ao.

UKAIPA DZIWA NYIMBO

Muyeso wacitatu uli m'khutu. M'caka ca 1978 John Carpenter anapanga Halloween ndi madola pafupifupi 300,000, m'masiku ngati makumi awiri. Nkhaniyo icitika m'nyengo imene masamba amayoyoka m'mitengo, koma anajambula ku California mitengo iri yobiriwira. Cotero anchito ace anapaka utoto masamba, nawamwaza m'mseu, ndipo akatha kujambula anali kuwatola m'matumba kuti akawamwazenso pena. Cigoba coyera cimene mbanda wa m'filimuyo abvala kumaso cinagulidwa m'sitolo pamtengo wosakwana madola awiri. Cinali cifanizo ca nkhope ya William Shatner, munthu wochuka wa m'masewero a pawailesi ya kanema, ndipo anangocipaka utoto woyera ndi kukuza maboo a maso.

Ndalama zolipira gulu la oimba panalibe, kotero Carpenter anapeka yekha nyimbo zace m'masiku owerengeka. Iye anasimba pambuyo pace kuti poyamba anaonetsa filimuyo kwa mkulu wina wa kampani ya mafilimu isanaikidwe nyimbo, ndipo mkuluyo sanacite mantha konse. Kanyimbo kapafupi ka piyano, kobwerezabwereza ngati kugunda kwa mtima wothamanga, ndiko kanasandutsa zithunzi zomwezo kukhala zoopsya. Filimuyo inabweretsa madola oposa 40 miliyoni ku America kokha.

Mwazi m'filimu imeneyi ngwocepa kwambiri. Cimodzimodzinso The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya m'caka ca 1974, imene ambiri amalumbira kuti anaonamo zonyansa zosaneneka. Woipenya kaciwiri modekha amapeza kuti zambiri zimacitika kuseri kwa citseko kapena pamene kamera yapenya kumbali. Kulira kwa makina ocekera matabwa, kukuwa kwa mtsikana ndi kumenyetseka kwa citseko cacitsulo ndizo zimanyenga mutu kuti waona zimene diso silinaone.

Munthu akhoza kuyesa yekha muyeso umenewu. Atsitse mau a wailesi pacigawo coopsya, apenye zithunzi zokha. Kenaka atsinzine, amvere mau okha. Filimu yopangidwa mwaluso imagwira mtima m'njira zonse ziwiri. Filimu yaulesi imangodalira kuphulitsa phokoso lalikulu mwadzidzidzi, monga mwana wobisala kuseri kwa nkhokwe kuti adzidzimutse mnzace. Kudzidzimuka kumatha pomwepo, pamene mantha enieni amaperekeza munthu kufikira pakhomo pace.

UMPHAWI NDI ULESI N'ZOSIYANA

Zonsezi sizitanthauza kuti filimu iri yonse yochipa njabwino. Nyumba ya udzu yozira bwino ndi yosesa pabwalo imalemekezeka ngakhale iribe malata, koma nyumba yodontha cifukwa mwini wace sanafune kumweta udzu siinganamizire umphawi.

M'caka ca 1956 Ed Wood anajambula filimu imene inadzadziwika ndi dzina lakuti Plan 9 from Outer Space, yonena za alendo ocokera kumlengalenga amene aukitsa akufa. Wood anali ndi tizithunzi tocepa ta Bela Lugosi, nkhalamba imene inachuka m'caka ca 1931 pocita mbali ya Dracula. Lugosi anamwalira mu August 1956, nchito yojambula isanayambe. Wood anaikamo tizithunzito, ndipo pamene panatsala anabweretsa munthu wina, wamtali kuposa malemuyo ndi wosafanana naye nkhope, namuuza kuti adziphimbe kumaso ndi copfunda. M'filimuyo miyala ya pamanda imagwedezeka munthu akaikhudza, pakuti njopepuka ngati makatoni. Ndege za alendowo zimalendewera pazingwe. Ndipo m'cigawo cimodzi comweco kumakhala usana, kenaka usiku, kenaka usananso. M'caka ca 1980 buku lina lochedwa The Golden Turkey Awards linaicha filimu yoipa koposa zonse. Anthu amaipenyabe lero, koma kuti aseke.

Romero, Carpenter ndi Wood onse anali osowa ndalama. Kusiyana kwao n'kwakuti awiri oyambawo anadziwa malire a thumba lao, nasankha nkhani yokwana m'malirewo: nyumba imodzi, usiku umodzi, mseu umodzi. Wood anafuna kuonetsa nkhondo ya kumwamba ali ndi zingwe ndi makatoni. Woyesa filimu akhululukire cithunzi cosawala bwino ndi zobvala zakale, pakuti zimenezo n'za thumba. Koma asakhululukire mau osamveka, nkhani yodzitsutsa yokha, cirombo cosintha malamulo ace pofuna kuthandiza wolemba amene wasowa pothera, kapena anthu ocita zopusa zimene munthu wamoyo sangacite. Zimenezo sizifuna ndalama, zifuna mutu ndi khama.

ZOTI NKHANIYI INACITIKADI

Pali msampha wina umene woonerera ayenera kuudziwa. Mafilimu ambiri oopsya amayamba ndi kulengeza kuti zimene zirimo zinacitikadi. Kawirikawiri imeneyi ndi njira ya malonda cabe.

M'caka ca 1999 kunatuluka The Blair Witch Project ya Daniel Myrick ndi Eduardo Sánchez. Inajambulidwa m'masiku asanu ndi atatu, mu October 1997, m'nkhalango za ku Maryland, ndi madola osapitirira 60,000 poyamba. Nkhani yace nja ophunzira atatu amene alowa m'nkhalango ndi makamera kukafufuza mbiri ya mfiti ina, nasokera. Mfitiyo siioneka ngakhale kamodzi. Zooneka ndi timilu ta miyala toikidwa kunja kwa hema usiku, timitengo tomangidwa ngati anthu tolendewera m'nthambi, ndi mau a ana omveka patali mumdima. Amene anasokerapo m'thengo dzuwa litapendeka, nabwerera pamtengo womwewo umene anaupitirira m'mawa, adziwa kuti mantha amenewo ngokwanira.

Pogulitsa filimuyo eni ace anafalitsa pa intaneti ndi pamapepala kuti atatuwo anasowadi, ndi kuti zithunzi zao zinatoledwa m'nkhalango. Anthu ambiri anakhulupirira. Zoona zace n'zakuti atatuwo anali ocita masewero, amoyo ndi athanzi, ndipo mbiri ya mfitiyo inapekedwa ndi opanga filimu. Ndalama zimene inabweretsa zinayandikira madola 250 miliyoni. Njira yomweyi inatsatidwa ndi Oren Peli, amene anajambula Paranormal Activity m'nyumba yaceyace ku San Diego ndi madola 15,000, niioneka ngati zithunzi zimene banja lina linadzijambula usiku. Itafalitsidwa ponseponse m'caka ca 2009 inabweretsa madola oposa 190 miliyoni. Ngakhale The Texas Chain Saw Massacre inadzicha nkhani yoona, pamene banja la ambanda la m'menemo silinakhaleko.

Mafilimu amenewa ali ndi luso lao, ndipo nkoyenera kuwayamikira pa luso limenelo. Koma woonerera wanzeru amakumbukira kuti kamera yogwedezeka ndi cithunzi cacimbuuzi si umboni wa coonadi. Ndi zida za mmisiri, monga kutsitsa mau kwa ambuya aja.

FILIMU IMALOZA CALA KWA YANI?

Muyeso wotsiriza ndiwo waukulu kwa anthu a kumidzi, ndipo uonekera bwino m'mafilimu a mu Africa muno.

M'caka ca 1992 wamalonda wina wa ku Nigeria, Kenneth Nnebue, anatulutsa Living in Bondage, ndiko kunena kukhala muukapolo. Inajambulidwa m'cinenero ca Igbo motsogozedwa ndi Chris Obi Rapu, ndipo inagulitsidwa pamakaseti m'misika osadzera m'nyumba za kanema. Ambiri amaiwerengera kuti ndiyo inatsegula njira ya mafilimu a ku Nigeria amene pambuyo pace anadzaza m'misika ya ku Zambia. Nkhani yace nja Andy, mwamuna wotopa ndi umphawi mumzinda wa Lagos, amene alowa m'gulu lacinsinsi napereka nsembe mkazi wace wokhulupirika, Merit, kuti alemere. Cuma cibwera, koma mzimu wa Merit umuonekera pali ponse pamene afuna kukondwera, kufikira acita misala nayamba kutola zakudya m'zinyalala.

Zithunzi zace n'zosawala bwino ndipo mau ace nthawi zina amabvuta kumva, koma filimuyo inagwira mitima cifukwa inaloza cala pamalo oyenera. Coopsya m'menemo ndi umbombo wa munthu wobvala suti, wogulitsa wa m'nyumba mwace. Komabe ngakhale iyo iri ndi cirema cimene woonerera ayenera kuciona: imaonetsa ngati kupha munthu kumabweretsadi cuma, ngakhale kwa kanthawi. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lomwelo limene laphetsa anthu acialubino m'maiko a cigawo cino ca Africa. Palibe ciwalo ca munthu cimene cinasandukapo ndalama.

Mafilimu ambiri otsanzira amene anatsatira anatembenuza cala cija. M'malo mwa umbombo anayamba kuloza nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi, mkazi wamasiye, mpongozi, kapena mwana wamasiye wosalankhulalankhula. Mwana akadwala, malonda akagwa, mkazi akapita padera, filimu imathamangira kwa mai wokalamba wa maso ofiira, ndipo imatha iye ataululidwa ndi kulangidwa, anthu akuomba m'manja. Wopanga filimu yotere sanabvutike kuganiza. Wangotola mantha amene analipo kale nawathira mafuta. Woonerera akabwerera kumudzi apeza nkhalamba yeniyeni, imene maso ace anafiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi asanu, ndipo tsiku la maliro akumbukira zimene anaona. Nkhani za okalamba omenyedwa, otenthedwera nyumba kapena ophedwa cifukwa coganiziridwa ufiti zimamveka m'manyuzipepala ndi m'makhoti a dziko lino. Lamulo la za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1914, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mwana wa dziko lino, Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anasonyeza njira ina m'caka ca 2017 ndi filimu yace yoyamba yaitali, I Am Not a Witch, ndiko kunena sindine mfiti. Siiri m'gulu la mafilimu a mizukwa, ndipo muli zoseketsa zambiri, koma iri ndi mantha aceace. Kamtsikana kamasiye kochedwa Shula, mbali imene anacita Maggie Mulubwa, kanenezedwa ufiti mkazi wina atagwa ndi ndowa ya madzi. Katumizidwa kumsasa wa amai okalamba onenezedwa cimodzimodzi, kumene ali yense amangidwa kansalu koyera kakatali kumsana kuti asauluke, ndipo kauzidwa kuti kakadula kansaluko kadzasanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma, a Banda, ayamba kuyenda nako kuti kadziloza mbala ndi kuitana mvula, iye akulandira phindu. Nyoni anakakhala kumsasa wa amai onenezedwa ufiti ku Ghana asanalembe nkhaniyo, ndipo tinsalu toyerato n'topeka iye mwini. M'filimuyo mumveka Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cingelezi. Inaonetsedwa ku Cannes m'dziko la France, ndipo m'caka ca 2018 inalandira mphoto ya BAFTA ku Britain, yoperekedwa kwa wopanga filimu yace yoyamba. Woonerera akatuluka saopa mwanayo. Aopa khamu la anthu oloza cala.

ANA A PAMPHASA YA KUTSOGOLO

Filimu ikhoza kupambana miyeso yonseyi koma osayenera ana. Mtolankhani wa ku Chicago, Roger Ebert, anakapenya Night of the Living Dead masana a Loweruka m'nyumba ya kanema yodzala ana, ndipo analemba za tsikulo kuciyambi kwa caka ca 1969. Poyamba anawo anali kukuwa mokondwa, monga acitira ndi mafilimu a zirombo zoseketsa. Pofika pakati anakhala cete, ndipo kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi zinai kanali kulira kali duu pampando. Filimuyo inatuluka mwezi umodzi dongosolo loika malire a zaka za oonerera lisanayambe ku America, mu November 1968. Ebert sanaide filimuyo, ndipo pambuyo pace anaiyamikira. Dandaulo lace linali pa akulu amene analola ana kulowa.

Pakamsasa ka pamsika palibe woima pakhomo kufunsa zaka za mwana, ndipo foni siifunsa kuti waigwira ndani. Nchito imeneyo yatsalira makolo, eni timisasa, aphunzitsi ndi mafumu. M'mera mpoyamba. Ambuya aja anali kudziwa nthano yoyenera ana ang'ono ndi yoyenera anyamata, ndipo akatha kusimba anali pomwepo, mwana woopa n'kugona pamwendo pao.

Cotero munthu wofuna kudziwa ngati ndalama yace yapita pabwino asawerenge mitembo kapena kufunsa mtengo wa filimu. Adzifunse ngati filimuyo inadziwa kubisa ndi kudikira. Ngati anawamvera cisoni anthu a m'menemo. Ngati mau ndi nyimbo zinagwira nchito kapena zinangocita phokoso. Ngati zolakwa zace zinali za thumba kapena za ulesi. Ndipo koposa zonse, ngati yamsiya akuopa umbombo, kusagwirizana ndi nkhanza, kapena akuopa mnansi wace wosalakwa. Mafunso anai oyambawo angayankhidwe pakhomo pa kamsasa pomwepo. Lacisanu limayankhidwa m'mawa mwace, munthuyo akakumana ndi nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi panjira ya kucitsime, ngati adzaipatsa moni ndi kuilandira mtsuko monga mwa masiku onse.